Azakhali, ma A awiri andigwetsa m'dzenje

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29 wa ku Ntaja. Poker ndinaiphunzirira ku Joni, ndipo chibwerereni timakumana ndi anzanga asanu ku Liwonde Loweruka lililonse. Sabata yatha ndinalandira ma A awiri. Ndinangoponya K500 ngati aliyense kuti ndisawaopseze, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Patebulo panagwa A wachitatu, 9 wa mtima ndi 4 wa mtima. Ndinangogogoda tebulo osaponya kanthu. Khadi lachinayi litagwa ndinaponya K500 yokha m'poto wa K3,000. Lomaliza linali la mtima, ndinakankha K40,000 yonse, ndipo mnzanga wa ku Balaka anatembenuza mitima iwiri n'kukokolola zonse. Kodi anandichitira mankhwala?

Wodandaula, Ntaja

Mwana wa achimwene,

Mankhwala ati? Pepesa kwa sing'anga wamunamizirayo. Iwe unaphika nkhuku, n'kuisiya pakhonde yosavundikira, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe kuti uone ngati galu abwere. Wabwera. Ndiye ukulira chiyani?

Tiyambire pomwe unayamba kudziona ngati kambuku. Ma A awiri amabwera kamodzi pa maulendo 221, ndiye mtima kugunda ngati ng'oma ya manganje n'zomveka. Koma mphamvu yawo imadalira kuchuluka kwa anthu amene atsala m'masewero. Ukatsala ndi munthu mmodzi, ma A amapambana pafupifupi ka 85 pa 100. Ukalola anthu asanu kulowa, sapambana ngakhale theka. Iwe unatsegula chitseko pa K500 n'kuitana mudzi wonse, ngati ndi sadaka. Ukanakweza mpaka K1,500, n'kuwonjezera K500 pa aliyense amene anali atalowa kale, a makhadi a zinyalala akanapita kukagula chiwaya, iwe n'kutsala ndi mmodzi kapena awiri.

Tsopano pomwe pandipweteka ine m'chiuno. Patebulo pali mitima iwiri, anthu asanu akuyang'ana, iwe n'kugogoda. Unadutsapo ku Chingeni chiyikireni geti yolipiritsa magalimoto ija mu 2021? Pali dalaivala amene amadutsa ulere chifukwa wapageti akufuna kum'kola kutsogolo? Khadi lililonse latsopano ndi geti, ndipo wapageti ndiwe. Munthu wa mitima iwiri m'manja ndi iwiri patebulo amakwanitsa flush, kutanthauza makhadi asanu a mtundu umodzi, pafupifupi ka 35 pa 100 akaona makhadi onse awiri otsalawo. Loyamba unam'patsa ulere. Lachiwiri unam'gulitsa pa mtengo wa mandasi.

Tenga pensulo, popeza masamu a Standard 8 unawasiya kusukulu. M'poto muli K3,000, iwe waponya K500. Mnzakoyo akulipira K500 kuti akakolole K3,500. Ngakhale atamapambana kamodzi kokha pa maulendo 8, sakuluza. Pa makhadi 46 amene sanawaone, 9 ndi a mtima, ndiye kuti mwayi wake ndi pafupifupi kamodzi pa maulendo 5. Wam'gulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhunda, akanayenera kukhala wamisala kuti akane. Ukanaponya K2,000, magawo awiri mwa atatu a poto, bwenzi akufunika kupambana ka 29 pa 100, zomwe makhadi ake sangakwanitse. Akathawa, poto ndi wako. Akalowa, walipira mopitirira, ndipo pa Loweruka khumi ndalama zake zidzathera kwa iwe ngakhale lero atapambana. Uziyang'ana kukula kwa poto ndi zimene zagwa patebulo, ndiye uziika mtengo. Usamaponye zambiri ukakhala ndi zabwino, zochepa ukakhala ndi zofooka, chifukwa pomatha mwezi ngakhale mwana wogulitsa mazira owiritsa pamenepo azidzakuwerenga ngati chikwangwani cha pa Mangochi Turn-off.

Kubisalira kuli ndi nthawi yake, sindikukana. Patebulo pakagwa A, 7 ndi 2 a mitundu yosiyana, mwatsala awiri, ndipo mnzakoyo ndi uja wamatama woti akaona wagogoda amakankha ndalama kuti akuopseze, pamenepo khala chete ngati ng'ona ya mu Shire, adzabwera yekha kudzamwa madzi. Koma ine anyamata a m'magulu ngati anuwa ndimawadziwa. Sataya makhadi. Munthu wakwera minibasi kuchokera ku Balaka, ndiye abwere kudzaonerera? Anthu otere safuna msampha, amafuna kulipiritsidwa basi. Ngakhale Doyle Brunson, mkulu wa ku Texas amene anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker mu 1976 ndi 1977, anatchuka ndi kuponya mosalekeza, osati kubisala m'tchire. Ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere. Iwe kunakuchera uli chigonere pa ma A atatu.

Za K40,000 zija ndiye ndaseka mpaka mpango kugwa. Usiku wonse unali nkhono, mtima wachitatu utagwa ndi pomwe wasanduka njovu ya ku Liwonde National Park? Dzifunse, ndani akanalowa pa ndalama zonsezo m'poto wosakwana K5,000? Wa makhadi ofooka athawa, sakupatsa kalikonse. Wotsala ndi yekhayo amene wakuposa. Unaponya ndalama yoti ingakudyetse ziro kapena kukuvula malaya, palibe chachitatu.

Komanso sunandiuze kumene kunachokera K40,000 imeneyo. Ndikuona ngati inali ya feteleza, kapena ya mpunga wa apongozi anga. Anthu odziwa masewerowa sakhala patebulo ndi ndalama yoti ikapita, kunyumba kugonedwa ndi njala, chifukwa ngakhale wosewera bwino amaluza ndi ma A kamodzi pa maulendo 7 ali ndi mdani mmodzi yekha. Dziwanso kuti juga ya ndalama m'dziko muno imayang'aniridwa ndi bungwe la MAGLA, ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo imafuna malo a chiphaso. Kuseri kwa golosale kumene mumakumanako sindikukhulupirira kuti chiphasocho chapachikidwa pakhoma. Apolisi akadzafika sadzafunsa kuti ndani ali ndi flush.

Loweruka likubwerali bwera kuno. Ndili ndi makhadi, ndili ndi chitini cha nyemba, aliyense atenga 100. Ukandidya katatu ndikulola ubwerere ku Liwonde. Ubwere ndi akazi ako, ndikufuna ndimve kwa iwo kuti unawauza kuti ndalama ija inagwera pati.

Azakhali