Wi-Fi ikamavuta pakhomo ku Matandani

Intaneti ya pakhomo imayenda maulendo awiri. Woyamba ndi wochoka pansanja ya Airtel kapena TNM kufika pa kabokosi kanu, kaya ndi MiFi kaya ndi rauta yolowetsamo simukhadi. Wachiwiri ndi wochoka pa kabokosiko kufika pafoni kapena laputopu, ndipo umenewu ndiwo Wi-Fi. Ambiri amasokoneza ziwirizi. Foni ikhoza kuonetsa kuti Wi-Fi yadzaza, uthenga wa pa WhatsApp osapita, chifukwa kabokosiko sikakugwira netiweki. Kuno kumtunda kwa Neno, kaya mumakhala pafupi ndi mishoni ya Seventh-day Adventist kaya m'midzi yozungulira, vuto kawirikawiri limagona pa ulendo woyambawo, pakuti mapiri amatchinga.

Yambani mwaona ngati bandulo ilipo. N'zoseketsa koma zimachitika. Kenaka zimitsani kabokosi kwa mphindi imodzi, muyatsenso, muime pafupi nako n'kutsegula kanema. Akamadukaduka muli pomwepo, vuto ndi la kunsanja. Akamasewera bwino pamenepo koma n'kukanika kuchipinda, ndiye kuti ndi makoma.

Khomo lililonse limadziwa kale pamene foni imagwira: pawindo lakuti, pakona ya khonde, mwina pachulu kuseri. Kabokosi kakhale pamalo otero, osati pamene mwapeza soketi. Yendani nako windo ndi windo, mukudikira pang'ono paliponse, muone ngati kakulemba 4G, 3G kapena E. Kakalemba E, musavutike n'kanema. Kakwezeni m'mwamba, mbali imene kuli nsanja; kusuntha mita imodzi yokha nthawi zina kumasintha zinthu. Koma kasafike pansi penipeni pa malata. Chitsulo chimabweza mafunde, ndiponso kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumatupitsa batire. Dzuwa la pawindo nalonso ndi chimodzimodzi.

Musanagule kabokosi, bwerekani mafoni a kampani zonse ziwiri muyesere pakhomo panu pomwepo. MiFi zambiri zogulitsidwa ndi kampani zimakana simukhadi ya kampani ina, ndipo netiweki imene imagwira kwa aneba kuseri kwa chitunda mwina kwanu siifika. Ngati rauta ili ndi polumikizira eriyo yakunja, imikani eriyoyo pamtengo, waya wake akhale wamfupi. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani wayayo.

M'nyumba, njerwa zootcha zimafooketsa Wi-Fi khoma ndi khoma. Musabise rauta m'kabati, kuseri kwa TV, pafupi ndi firiji kapena mgolo wamadzi. Rauta zina zimaonetsa mayina awiri, la 2.4 GHz ndi la 5 GHz. La 5 limathamanga mukakhala chipinda chomwecho, la 2.4 ndilo limapyola makoma n'kufika kukhitchini yakunja.

Polumikiza foni, yatsani Wi-Fi, sankhani dzina lolembedwa kunsi kwa kabokosi kapena m'kati mwa chotsekera batire, mulembe pasiwedi mosamala zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Pasiwedi imeneyo isinthidwe, makamaka ngati idapatsidwapo mlendo. Achinyamata amagawana msanga, ndipo mumangodabwa intaneti ikukwawa ngati nkhono, bandulo yamwezi n'kutha pasabata. Posintha, adiresi yolowera yalembedwa pa chomata chomwe chili ndi dzina la Wi-Fi lija. Kabowo kolembedwa Reset musakatose mwachisawawa, kamafufuta zonse zimene mudakonza.

Palinso wakuba wina wa m'nyumba momwemo. Foni ikalumikizidwa ku Wi-Fi imayesa kuti intaneti ndi yaulere, imayamba kudzitsitsira zinthu yokha. Pa Android sankhani kuti Wi-Fi yanu ndi Metered, ndipo pa WhatsApp letsani makanema kudzitsitsa okha. Zazikulu tsitsani mbandakucha, anthu asanachuluke pansanja.

Magetsi a ESCOM akathima, MiFi imayendera pawabanki. Rauta zambiri zimadya mavolti 12, choncho batire ya sola ikhoza kuthandiza, bola muwerenge kaye zolembedwa pa chaja chake.

Pakhomo pamene palibiretu netiweki, rauta yodula siingathandize. Starlink, imene idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, siidalira nsanja. Mbale yake imangofuna kumwamba kopanda mitengo ndi magetsi okhazikika. Mtengo wake wogulira ndi wapamwezi, m'kuona kwanga, ukuyenera sukulu kapena chipatala kusiyana ndi banja limodzi.