Kapemphedwe ka ndalama za kafukufuku wa kuvulala kwa msana ku Mchinji

Malangizo awa ndi anu amene mumagwira ntchito m'zipatala za m'boma la Mchinji: madokotala, anamwino, a mafizo ndi alangizi a zaumoyo. Anthu ovulala mtsempha waukulu wa mumsana mumawadziwa. Wina anagwa mumtengo wa mango, wina ngolo inamugudubukira, wina anagundidwa ali pa kabaza mumsewu wa M12, pomwe wina TB inamudya mafupa a msana mwakachetechete mpaka miyendo inaleka kugwira ntchito. Mumawatumiza ku Kamuzu Central kapena ku LION, chipatala cha mafupa ndi mitsempha chimene chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023. Akatulutsidwa amabwerera kumudzi, ndipo m'mabuku athu mbiri yawo imathera pomwepo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa mavuto enieni amayambira kunyumbako. Ndalama zochepa zofufuzira nkhani zotere zilipo, ndipo simufunika kukhala pulofesa kuti muzipeze.

Yambani ndi funso, ndipo likhale laling'ono. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amalemba kuti akufuna kufufuza "kupuwala m'Malawi", woweruza mapempho n'kuwerenga mzere woyamba wokha, basi waika pepala pambali. Ndalama za chaka chimodzi sizingasenze mtolo wotere. Funso labwino limatchula anthu, malo ndi nthawi. Mwachitsanzo: mwa anthu ovulala msana amene anabwerera kwawo ku Mchinji m'zaka ziwiri zapitazi, ndi angati ali ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi? Kapena: paipi ya mkodzo amakasinthitsa kuti, ndipo ulendowo umawadyera ndalama zingati? Kapenanso: munthu amene msana wayamba kumuwawa ndipo miyendo ikuchita dzanzi, pamapita miyezi ingati asanamupeze ndi TB ya msana? Funso ili ndimalikonda kwambiri, chifukwa TB imachizika, ndipo wopezeka nayo msanga akhoza kupulumuka osapuwala.

Musapeputse mafunso oterewa poganiza kuti ndi achabechabe. Chimene chimapha anthu ambiri opuwala kuno si ngozi yoyamba ija ayi, koma zilonda za m'matako ndi m'chiuno komanso matenda a njira ya mkodzo. Kuwodi timauza gadiyani kuti azitembenuza wodwala maola awiri aliwonse. Tsono taganizirani mayi amene akudwazika mwamuna wake pamphasa, m'nyumba ya dothi, iye yemweyo akuyenera kukapalira mtedza ndi kukatunga madzi. Maola awiriwo amatheka? Amene angayankhe ndi munthu amene angafike pakhomopo n'kukhala pansi ndi banjalo. Katswiri wa ku London sangathe. Inu mungathe, ndipo mphamvu ya pempho lanu yagona pamenepo.

Funso likapezeka, pemphani chilolezo cha akuluakulu a chipatala kuti muone makaundula a kuwodi ndi a otumizidwa ku Lilongwe. Cholinga n'kungodziwa ngati odwalawo alipo okwanira kuti kafukufuku atheke. Mukapeza kuti ndi ochepa, onjezani zaka kapena phatikizani zipatala za ku Kapiri, Kochilira ndi Mkanda. Mukapeza kuti zolembedwazo n'zoperewera, lembani zimenezo m'pempho lanu mosabisa, pakuti nawonso ndi umboni woti ntchitoyi ikufunika.

Tsopano sankhani kopempha, ndipo werengani malamulo awo musanalembe liwu limodzi. Bungwe la Royal Society of Tropical Medicine and Hygiene la ku London limapereka ndalama zofika mapaundi 5,000 kwa ongoyamba kumene kafukufuku, pa ntchito ya chaka chimodzi, ndipo limalandira mapempho ochokera m'maiko ngati athu. Kunoko, muziona zimene bungwe la National Commission for Science and Technology limalengeza, komanso za ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Mabungwe ena otchuka pa nkhani ya msana si anu. La Craig H. Neilsen Foundation limathandiza a ku America ndi Canada, ndipo la Wings for Life la ku Austria limaika mtima pa kufunafuna njira yochizira mtsempha wovulalawo. Musatayepo nthawi.

Pezani wokutsogolerani, munthu amene anachitapo kafukufuku n'kusindikiza zotsatira. Mulembereni kalata yaifupi yokhala ndi funso lanu ndi tsamba limodzi la zimene mukufuna kuchita. Chitani izi kudakali miyezi, osati sabata yotsekera. Kenako lankhulani ndi eniake a vutoli, kudzera ku Spinal Injuries Association of Malawi kapena FEDOMA. Iwo angakuuzeni mafunso amene amachititsa manyazi, monga a chimbudzi ndi za m'banja, komanso mafunsidwe ake oyenera. Mmodzi wa iwo akhale m'gulu lanu, ndipo alipidwe ngati ena onse.

Polemba, tsatirani fomu ya opereka ndalamawo ndendende, osapyola mawu amene akufuna. Yambani ndi Mchinji, boma la anthu opitirira 600,000 malinga ndi kalembera wa 2018, osati ndi mbiri ya dziko lonse lapansi. Chiwerengero cha WHO, choti anthu oposa 15 miliyoni padziko akukhala ndi vuto la kuvulala mtsempha wa mumsana, chimakwana mzere umodzi. Kumbutsani woweruza kuti boma lino kafukufuku si mlendo: ntchito ya MaiMwana, ya magulu a amayi m'midzi, inachitikira konkuno ndipo zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2013. Gawo la njira zofufuzira ndiye mulipatse malo ambiri. Nenani amene mudzawafunse, mmene mudzawapezere, amene adzafunse, chilankhulo chake, ndi kumene mapepala adzasungidwe. Ngati mudzayeza kukula kwa kuvulala, gwiritsani ntchito sikelo ya ASIA, ya magulu A mpaka E, kuti ena adzathe kufananiza ndi zawo. Pa ndondomeko ya miyezi kumbukirani dzinja, pamene misewu ya m'midzi imavuta.

Nkhani ya malire musaiiwale. Anthu a m'mbali mwa Mwami amadutsa uku ndi uku, ena amalandira chithandizo ku Chipata. Ganizirani msanga ngati mudzawawerengera. Chilolezo cha ku Malawi sichigwira ntchito ku Zambia, kumene kuli bungwe lawo la National Health Research Authority. Pa ndalama zochepa, khalani mbali ino.

Bajeti ikhale yoona. Ikani mafuta a njinga yamoto, mayunitsi a foni, kusindikiza mafomu, kumasulira mafunso m'Chichewa, ndi kubwezera anthu ndalama zoyendera. Ndi bwino inu kupita kwa wodwala kusiyana n'kumunyamulitsa pa kabaza. Bajeti yodzaza ndi maalawansi ndi laputopu imaonekera patali, ndipo imagwetsa pempho labwino. Lembani mitengo ya kwacha pamodzi ndi ya ndalama yawo, n'kutchula tsiku limene mwasinthira. Tonse tikukumbukira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Funsaninso ofesi yowerengera ndalama ya chipatala kapena sukulu imene idzasunge ndalamazo ngati imadulapo kanthu.

Musafunse wodwala ngakhale mmodzi musanalandire chilolezo. Kalata yochokera kwa mkulu wa zaumoyo m'boma ndi yoyamba, kenako komiti ya NHSRC ku unduna wa zaumoyo, kapena komiti ya ku KUHeS ngati muli pansi pa sukuluyi. Makomitiwa amalipiritsa ndipo amatenga nthawi, choncho zonse ziwiri zilowe mu bajeti ndi m'ndondomeko. Adzakufunsani funso limene inunso muyenera kudzifunsa: mukapeza munthu ali ndi chilonda chonyeka, mudzachita chiyani? Simungangolemba n'kutsanzika. Konzeranitu njira yomutumizira kuchipatala, ndipo muziyenda ndi zotsukira zilonda. Fomu yovomereza ikhale m'Chichewa chomveka, yokhala ndi malo odindapo chala, ndipo wovomera akhale mwini wake, osati gadiyani.

Tumizani pempho lanu kudakali masiku angapo, chifukwa magetsi ndi intaneti sizipanganika. Akakukanani, werengani ndemanga zawo ngati apereka, konzani, mutumizenso kwina kapena chaka chamawa. Akakupatsani, sungani malisiti onse ndipo lipoti lipite pa nthawi yake. Ntchito ikatha, musathamangire ku misonkhano ya m'mahotela kokha. Kafotokozereni akuluakulu a zaumoyo pa boma, mafumu, ndi mabanja amene anakulandirani m'nyumba zawo zimene mwapeza, ndipo ndalama ya ulendo umenewo muiike mu bajeti lero.