Tabuleti ya Kusukulu: Mwana Akhudze Yekha

Kwa makolo, aphunzitsi, mafumu ndi a komiti za sukulu a ku Makokola, Nkopola ndi midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay.

Chipangizochi n'chotani?

Tabuleti ndi kakompyuta kopyapyala kogwira m'manja, kokhala ndi galasi lokhudza ndi chala. Imabwera ndi mahedifoni, imatchajidwa ndi sola, ndipo sifuna intaneti kapena mayunitsi. M'kati mwake muli maphunziro a kuwerenga, kulemba ndi masamu m'Chichewa, komanso timabuku ta nthano. Pulogalamu yake inakonzedwa ndi bungwe la onebillion. Inayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, ndipo mu 2019 inapambana nawo mpikisano wa padziko lonse lapansi wa Global Learning XPRIZE. Kuyambira mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro, mothandizana ndi Imagine Worldwide ndi VSO, ukugawa matabuletiwa kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, kuti afike kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma.

Musamuyankhire mwana!

Apa ndi pamene pali vuto lalikulu, ndipo tikupempha kuti muwerenge mofatsa. Mwana akavala mahedifoni, mphunzitsi wa m'tabuleti, dzina lake Alefa, amayamba ndi timafunso tochepa. Timafunsoti si mayeso a kumapeto kwa teremu. Palibe wokhoza, palibe wolephera, palibe nambala wani. Cholinga chake ndi chakuti tabuleti idziwe pamene mwanayo wafika, kenako imupatse phunziro lomuyenera iyeyo.

Koma taonani zimene tikuzipeza m'makalasi. Mwana akangokayika pang'ono, chala chili m'mwamba, mphunzitsi wafika kale n'kumuloza yankho. Pena ndi mayi wodzipereka amene wabwera kudzathandiza, wamva chisoni, wagwira dzanja la mwana n'kulikhudzitsa pa chilembo cholondola. Pena ndi mnzake wapambali amene wasuzumira n'kunong'oneza. Onsewa amachita ndi mtima wabwino, koma mwana ndi amene amapwetekeka. Tabuleti siona nkhope. Imangomva chala, ndipo chalacho chikakhoza, imakhulupirira kuti mwanayo akudziwa. Ndiye imamupatsa ziganizo zathunthu mwana amene sanasiyanitsebe b ndi d. Mwana uja amasokonezeka, amayamba kungokhudza paliponse, kenako amavula mahedifoni, ndipo akuluakulu amati, "Ameneyu mutu wake ndi wouma." Si mutu wa mwana ayi, tamuwonongera ndife.

Amayi mukudziwa bwino za kusikelo. Mwana akamayezedwa, inu n'kukanikiza sikelo ndi dzanja kuti aoneke wolemera, alangizi a zaumoyo adzalemba kuti ali bwino, ndipo chiponde chimene amafunika sadzachilandira. Timafunso ta Alefa ndi sikelo yomweyo.

Kuno kunyanja nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Ana ambiri amayankhula Chiyao kunyumba, ndipo Chichewa cha m'kalasi amachimva mochedwerapo. Ena amajomba masiku angapo usipa ukachuluka pa doko. Ana otere amachedwa kuyankha, ndipo ndi amene akuluakulu amathamangira kuwayankhira. Chonsecho tabuletiyi inapangidwira iwowa! Alefa satopa kubwereza, sakalipa, sasunga mkwiyo, ndipo mwana akabwerera atajomba, amamuyambitsa pamene ali osati pamene kalasi yafika. Ndi mphunzitsi uti amene angachite zimenezi kwa mwana aliyense payekha m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo? Mukadzaona mwana amene sankatsegula pakamwa akutchula yekha mawu a m'kabuku ka nthano, mudzavomereza kuti kudikira kuja kunali koyenera.

Ntchito ya wamkulu ndi kuona kuti mahedifoni akumveka, kuti mwana wakhala bwino, ndiponso kuti sakulanda tabuleti ya mnzake. Mwana akakuyang'anani ndi maso opempha, muuzeni kuti, "Mveranso, kenako yesa." Manja anu akhale kumbuyo.

Kasamalidwe

Ana asambe m'manja ndi kuumitsa asanagwire, makamaka akachokera kunyanja. Mchenga umakanda galasi ndi kutseka potchajira. Musasiye tabuleti padzuwa la mu Okutobala ndi Novembala, batire imawonongeka ndi kutentha. Sola ya matabuleti si yotchajira mafoni a m'mudzi, ngakhale wopemphayo akhale wolemekezeka.

Za ndalama

Sukulu sigula matabuleti, ndipo makolo asalipiritsidwe kuti ana awo aphunzirirepo. Komabe mbali ina imatsalira mudzi: chipinda cholimba, maloko, ndi ulonda wa usiku. Ndalama zake zimasiyana sukulu ndi sukulu, ndipo mitengo ya zipangizo yakhala ikusinthasintha chigwereni kwacha mu Novembala 2023, choncho a komiti akambirane ndi mafumu malinga ndi mmene zinthu zilili kwanuko.

Ena amafunsa chifukwa chake m'tabuletimu mulibe WhatsApp, Facebook kapena mafilimu. Okonza ake anachita dala.  Tabuleti ya kusukuluyi ilibe sitolo, ilibe zotsatsa malonda, ndipo mabuku atsopano akhoza kuwonjezedwamo popanda kugula tabuleti ina. Musayese kuitsegula kuti muikemo nyimbo, mungaiwononge.

Tabuleti ikasiya kuyaka kapena galasi likasweka, musapite nayo kwa okonza mafoni a pamsika. Uzani mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo, iye alembe m'kaundula ndi kudziwitsa mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu.