PHUNZIRO LA MWEZI UNO: NJIRA ZOPEZERA CHILOLEZO CHOKHAZIKIKA M'DZIKO LA ENI

Chaka ndi chaka, nchito ya fodya ikatha, anyamata ndi abambo ambiri a m'dera la Mfumu Mkanda, m'boma la Mchinji, amanyamuka kukafuna nchito kunja. Ena amangooloka malire nalowa m'Zambia, kukagwira m'minda ya fodya kapena m'masitolo a ku Chipata. Ena amapitirira mpaka ku Joni. Ambiri amabwerako, koma alipo ena amene afuna kukhazikika komweko. Phunziro ili liri la iwowa ndi la abale ao otsala kumudzi, pakuti munthu akalakwa njira pachiyambi, angathe kutaya zaka zambiri pachabe.

Mlendo, wanchito ndi wokhazikika

Pamaso pa Boma liri lonse, anthu ochokera kunja ali m'magulu atatu. Woyamba ndi mlendo, amene waloledwa kucheza masiku owerengeka, ndipo saloledwa kugwira nchito. Wachiwiri ndi wanchito, amene ali ndi chilolezo cha nchito cha zaka zowerengeka. Nchito ikatha, ufulu wache wokhala m'dzikomo uthanso. Wachitatu ndi wokhazikika: iye akhala kopanda malire a nthawi, nasintha nchito monga afuna, ngakhale m'maiko ambiri saponya voti, popeza sali mbadwa. Munthu safika pa gulu lachitatu mwangozi iai. Pali njira zoikidwa ndi lamulo, ndipo ayenera kusankha imodzi.

Zimene zinaonekera machona

Makolo athu ambiri anapita ku migodi pa Wenela. Iwo anali antchito a pangano lokha: pangano likatha, anabwezedwa kwao, ndipo zaka zao sizinawapatse ufulu wokhazikika. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi 74, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, nikuthera mu 1988. Mu 1996 Boma la South Africa linapatsa chilolezo chokhazikika anthu a maiko a SADC amene anakhala m'dzikomo zaka 5, koma anapindula ndi okhawo amene anatha kuonetsa umboni wa zakazo.

Ku Halale nako, lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana ambiri a machona opanda dziko, kufikira malamulo akulu a mu 2013 anawabwezera unzika. Phunziro lache ndi ili: kukhala nthawi yaitali pa malo sikulowa m'malo mwa pepala.

Njira za ku Zambia

Achewa a kwa Mkanda ndi a ku Chipata ali anthu amodzi, olankhula chinenero chimodzi, nakomana pa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Chifukwa chache ambiri aganiza kuti mapepala alibe nchito. Koma lamulo la Zambia la mu 2010 loona za olowa ndi otuluka silifunsa mtundu wa munthu. Ilo linaika njira izi zazikulu:

1. Njira ya nchito. Wolemba nchito ndiye apempha chilolezo, ndipo wanchito ayenera kuchisunga chamoyo zaka 10 zosadukiza asanapemphe kukhazikika.
2. Njira ya ukwati. Wokwatira kapena wokwatiwa ndi mbadwa ya Zambia atenga chilolezo cha ukwati, nachisunga zaka 5.
3. Njira ya malonda. Woika chuma chambiri m'dzikomo atenga chilolezo cha malonda, nachisunga zaka 3. Njira iyi iri yaifupi, koma ndalama zofunika zipitirira za mlimi wamba.

Tenanti amene walima fodya tsidya lija zaka 15 wopanda chilolezo sanayambe nkomwe kuwerenga. Pamaso pa lamulo ali monga wofika dzulo. Chiphaso cha m'malire chiri cha ulendo waufupi, monga wa kumaliro kapena kumsika, osati cha nchito. Wopita kukakhalitsa adzere pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene chinatsegulidwa mwatsopano mu December 2022, kuti pasipoti yache idindidwe.

Njira za ku Joni

Mmalawi alowa m'South Africa ndi pasipoti yokha, napatsidwa masiku 30 ocheza. Apa ndi pamene ambiri agwa. Kuyambira mu 2014, wopitiriza masiku ache pang'ono aletsedwa kulowanso chaka chimodzi. Akapitiriza masiku oposa 30, aletsedwa zaka 5. Wogwidwa asungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kufikira atabwezedwa kwao. Ndiponso mlendo wamba sangasandutse chilolezo chocheza kukhala cha nchito ali komweko. Ayenera kupempha ali kuno kwao, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Lamulo lao la mu 2002 linaika njira izi:

1. Njira ya nchito. Wosunga chilolezo cha nchito zaka 5, napatsidwa nchito yokhazikika, angathe kupempha ku Home Affairs. Mu October 2024 Boma lao linayamba kuyesa opempha chilolezo cha nchito powerenga mapointi, poona maphunziro, malipiro ndi zaka zimene munthu wagwira nchitoyo. Chotero wopanda setifiketi, monga wa m'galadeni kapena wa m'nyumba, njira iyi imchepera.
2. Njira ya luso losowa. Boma lao lisindikiza mndandanda wa nchito zimene anthu ache achepa, monga za mainjiniya. Masetifiketi a kuno ayamba ayesedwa ndi bungwe la SAQA. Iyi ndiyo njira yoongoka kwa wophunzira kwambiri.
3. Njira ya ukwati. Ukwati ndi mbadwa kapena ndi wokhazikika uyenera kutha zaka 5. Ukatha pasanapite zaka 2 chilandirire chilolezo, chilolezocho chifa, pokhapokha ngati yawalekanitsa ndi imfa. Ukwati wogula ndi mlandu. Ndipo bambo amene anasiya mkazi ndi ana kwa Mkanda aganize bwino asanalembetse ukwati wina, pakuti tsiku la imfa yache mabanja awiri adzakangana pa chuma.
4. Njira ya ubale. Mwana wa mbadwa, kapena kholo lache, ali ndi njira yache. Malume, msuweni ndi mlamu sawerengedwa.

Ena anyengedwa kudzitcha othawa nkhondo. Malawi ali pa mtendere, ndipo kunama pa nkhani iyi ndi mlandu. Ngakhale wothawa weniweni adikira zaka 10, monga mwa lamulo limene linayamba kugwira nchito mu 2020, ndipo akabwerera kwao, ngakhale ku maliro, aika chilolezo chache pangozi.

Kusankha kwache

Asanagulitse mbuzi kapena kubwereketsa munda, munthu adzifunse mafunso anai. Kodi ali ndi chiani m'manja: setifiketi, chuma, ukwati weniweni kapena ubale? Kodi angathe kusunga chilolezo zaka zonsezo osadukiza? Kodi wolemba nchitoyo avomera kulemba makalata ku Boma, kapena angolonjeza pakamwa? Kodi mkazi ndi ana adzamtsata, kapena adzatsala? Wopanda yankho lokwanira achita bwino kupita monga mlendo nabwerera pa tsiku lache, kapena kuyamba waphunzira luso kuno kwao. Akulu anati safunsa anadya phula.

Wosankha njira asunge zonse: pasipoti yakale, makalata a nchito, mapepala a malipiro, mtchatho wa ukwati ndi zikalata za kubadwa kwa ana. Asapereke ndalama kwa madobadoba a m'misewu, pakuti chilolezo chopezeka mwachinyengo chilandidwa tsiku limene chidziwika. Adziwenso kuti wokhazikika ku South Africa akachokako zaka zoposa 3 angathe kutaya chilolezo chache.

Kukhazikika kunja sikutaya Umalawi iai. Ndipo mu December 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti Mmalawi angathe kukhala nzika ya maiko awiri. Wokhazikika apitirize kukonzanso pasipoti yache, nakumbukire kumudzi.

Kwa aphunzitsi ndi mafumu

Aphunzitsi apemphedwa kuwerengera phunziro ili ana a m'makalasi akulu, ndi mafumu kulifotokoza pa bwalo. Mafunso okambirana ndi awa:

1. Kodi mlendo asiyana bwanji ndi wokhazikika?
2. Chifukwa ninji zaka za tenanti wopanda chilolezo siziwerengedwa?
3. Ndi njira iti imene iyenera mnyamata wotsiriza Fomu 4, ndipo ayambe ndi chiani?

Wofuna kudziwa zambiri apite yekha ku ofesi ya za olowa ndi otuluka ku Mchinji asananyamuke.