MANKHWALA ATSOPANO A KANSA: ZIZINDIKIRO ZOFUNA CIPATALA MSANGA

Odwala kansa ambiri amene apita ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH, amathandizidwa ndi opareshoni, kuwalitsidwa ndi makina, kapena mankhwala a kemo. Koma kuli njira inanso yochedwa immunotherapy. Mankhwala ake ndi odula kwambiri, ndipo ena amakawalandira ku India kapena ku South Africa nabwerera kwao ku komboni. Banja losamala wodwala wotere liyenera kudziwa zovuta zimene mankhwalawa abweretsa.

Mmene agwirira nchito

Thupi liri ndi asilikali olimbana ndi matenda. Asilikaliwa ali ndi mabuleki owaletsa kuononga thupi lao lomwe. Kansa imacenjera nigwira mabulekiwo kuti asilikali asaikhudze. Mankhwala monga pembrolizumab ndi nivolumab, amene analoledwa ku America mu 2014, amamasula mabuleki aja. James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphotho ya Nobel mu 2018 cifukwa ca nzeru imeneyi. Pembrolizumab imaperekedwa mu dilipi pa milungu 3 kapena 6 iriyonse.

Vuto ndi lakuti asilikali omasulidwa nthawi zina amaukira ziwalo zabwino. Odwala ambiri amangomva kutopa kapena kuyabwa. Koma mmodzi kapena awiri mwa odwala 10 olandira mankhwala amodzi otere amadwala kwambiri.

Zizindikiro

1. Khungu: kuyabwa ndi tiziphuphu. Matuza ndi zilonda za mkamwa ndi zoopsa.
2. Matumbo: kutsegula m'mimba kanayi kapena kuposa pa tsiku kuonjezera pa masiku onse, cimbudzi ca magazi, m'mimba kupweteka.
3. Mapapo: cifuwa couma ndi kupuma movutikira.
4. Ciwindi: maso acikasu ndi mkodzo wakuda ngati tiyi.
5. Cithokomiro ndi ziwalo zina zoyendetsa mphamvu za thupi: kufooka kosatha, kumva mphepo kapena kutentha, mutu wosaleka, cizungulire.
6. Shuga: ludzu lalikulu ndi kukodza pafupipafupi.

Zimenezi zimayamba kawirikawiri m'miyezi yoyambirira, koma zingabwerenso patapita miyezi yambiri wodwala ataleka mankhwala.

Cenjezo kwa a m'komboni

Zizindikirozi zimafanana ndi matenda ozolowereka. Anthu a ku Kanyama, Chawama ndi George akumbukira kolera ya 2017 mpaka 2018 ndi ya 2023 mpaka 2024, kotero munthu akatsegula m'mimba onse aganiza za madzi oipa. Cifuwa amati ndi TB, kufooka amati ndi malungo. Matendawa angakhalepodi ndipo ayenera kupimidwa. Koma ngati wa cipatala sadziwa kuti wodwala ali pa immunotherapy, angapereke mankhwala opha tizilombo pamene matumbo akutupa cifukwa ca asilikali a m'thupi. Kucedwa kungaboole matumbo, ngakhale kupha.

Motero wodwala ayenera kuyenda ndi khadi kapena kalata yolembedwa dzina la mankhwala, tsiku la dilipi yomaliza ndi nambala ya dokotala wa kansa. Aionetse asanafunsidwe, kaya ndi pa kiliniki ya Mtendere, ya Kalingalinga kapena pa cipatala ca Matero.

Thandizo la ku cipatala

Zikakhala zocepa, monga kuyabwa, dokotala apereka mafuta opaka ndipo dilipi ipitiriza. Zikakula, dilipi imaimitsidwa ndipo wodwala apatsidwa prednisolone yozizira asilikali. Mapiritsiwa amacepetsedwa pang'onopang'ono kwa milungu 4 mpaka 6 kapena kuposa. Kuwaleka mwadzidzidzi ndi koopsa, ngakhale munthu amve bwino. Prednisolone imakweza shuga ndipo ingadzutse TB yogona, ndiye cifukwa cake magazi ndi cifuwa zimapimidwa. Cithokomiro cikaonongeka, wodwala amamwa piritsi la levothyroxine tsiku ndi tsiku, kawirikawiri moyo wonse.

Zocita pa nyumba

Wotsegula m'mimba amwe madzi a moyo ali pa njira yopita ku cipatala. Asagule mapiritsi oimitsa m'mimba pa kantemba, ndipo asamwe mankhwala acikuda popanda kuuza dokotala, pakuti ena amalemetsa ciwindi. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa. Wosamala wodwala alembe m'kabuku kangati wodwala wapita ku cimbudzi ndi tsiku limene cifuwa cinayamba.

Odwala ena amabisa zizindikiro poopa kuti dokotala adzaimitsa mankhwala amene banja linagulitsira katundu. Kubisa ndiko kumataya ndalamazo. Vuto logwidwa msanga limacira mosavuta, ndipo ambiri amabwereranso pa dilipi yao. Kupuma movutikira, cimbudzi ca magazi, kupweteka pa cifuwa kapena kusokonezeka mutu sizidikira kuca: wodwala apite naye ku cipatala usiku womwewo.