Konzekerani kuona Mercury akudutsa pamaso pa dzuwa

Akatswiri a zakuthambo amatulukira mapulaneti a nyenyezi zakutali poyeza kuwala. Pulaneti ikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwalako kumachepa pang'ono kenako n'kubwereranso. Anaziona koyamba mu 1999, ndipo kuyambira 2018 telesikopu ya m'mlengalenga yotchedwa TESS ikugwira ntchito imeneyi. Ife a ku Ntaja, Liwonde ndi Ulongwe tilibe zida zotere, koma dzuwa lathuli ndi nyenyezinso, ndipo tingathe kuona pulaneti ikulidutsa tili pakhomo.

Lembani tsiku ili: Loweruka, 13 Novembala 2032. Mercury adzayamba kudutsa cha m'ma 8:40 m'mawa n'kutuluka 1 koloko masana itangodutsa. Musadikire Nthanda, chifukwa iyo idadutsa mu 2012 ndipo idzabwerezanso mu 2117.

Choyamba, musayang'ane dzuwa ndi maso, ngakhale pang'ono. Magalasi akuda, galasi lodetsedwa ndi utsi wa koloboyi, kapena beseni la madzi, zonsezi siziteteza. Diso limapsa mkati osamva kuwawa, ndipo kuwonongekako nthawi zina sikuchira. Ana auzeni izi musanatulutse chida chilichonse.

Mufunika mabayinokyula, katoni, pepala loyera, mpando ndi malegeni. Katoni mupempha pa golosale. Chodula ndi mabayinokyula okha, choncho bwerekani, kapena gwirizanani ndi aphunzitsi a sayansi. Kukonza kumatenga theka la ola.

Boolani katoni kuti mabayinokyula alowemo, katoniyo izipereka mthunzi kumbuyo. Tsekani diso limodzi la kutsogolo. Mangani chidacho pampando ndi malegeni kuti chisagwedere, mbali yaikulu ikuloza dzuwa. Polunjika, tembenukirani dzuwa msana n'kumayang'ana mthunzi wa chidacho: ukafupika kwambiri, mwalunjika. Gwirani pepala kumbuyo, pafupifupi theka la mita, ndipo potokolani kagudumu mpaka dzuwa lioneke lozungulira bwino papepalapo. Pakapita mphindi zingapo phimbani kutsogolo kuti magalasi azizire. Wamkulu asachoke pamenepo, poti mwana amafuna kusuzumira.

Ambiri amagwa ulesi poyembekezera chinthu chachikulu. Mercury adzaoneka ngati kanjere ka bonongwe, kakuda bii, ndipo telesikopu yaing'ono imamuonetsa bwino kuposa mabayinokyula. Dzuwa lili ndi mawanga akeake, koma mawangawo sasuntha m'maola ochepa. Jambulani zomwe mukuona theka la ola lililonse. Kadontho kamene kasuntha ndiye Mercury.

Novembala ku Balaka ndi Machinga ndi nthawi yotentha, ndipo mitambo ya mvula yoyamba imakonda kusonkhana masana, choncho yambani m'mawa. Sankhani bwalo lopanda mitengo chakum'mawa, ndipo kumwani madzi.

Yeserani msanga. Pa 25 Novembala 2030 m'mawa kudzachitika kadamsana wa dzuwa, mwezi utaphimba mbali ina ya dzuwa kuno kwathu, ndipo chida chomwechi chidzakuonetsani bwinobwino.