Waya wa koilo ya Tesla: yankho kwa wa ku Mbayani

Talandira kalata yochokera ku Mbayani, mumzinda wa Blantyre. M'bale wathuyu akuti akufuna kupanga kachipangizo kothetheka moto wabuluu kamene Nikola Tesla anatulukira mu 1891, koma mawaya amusokoneza: agule uti?

Achimwene a ku Mbayani, mawaya ake ndi awiri. Woyamba ndi wokulunga kambirimbiri papaipi yapulasitiki ija ya madzi. Ameneyu akhale wakopa, woonda ngati ulusi wosokera, wokutidwa ndi vanishi. Amisiri okulunga mamota amaudziwa bwino. Kulungani mothinana, mzere umodzi basi, kokwana mwina 800 kapena 1,000, waya osakwerana.

Ndikudziwa, maso anu ali pa fani yakufa ija ili pansi pa bedi. Ayi ndithu. Waya wogwiragwira ntchito vanishi wake amakhala atang'ambikang'ambika, ndiye moto umadumphira pomwepo n'kuwotcha zonse. Pogulanso palani nsonga ndi mpeni. Mukaona mkati moyera, ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, msiyeni.

Wachiwiri ndi wonenepa, wokulunga kangapo chabe cham'munsi, motalikirana ndi woondayo.

Tsono kwa nonse, apa nditsindike. Chipangizo chachikulu cholumikiza ku magetsi a ESCOM a 230 volts chimapha munthu, ndipo zigawo zina zimasungabe mphamvu mutazimitsa kale. Yambani ndi kakang'ono ka batire ya 9 volts, kamene kamayatsa babu la chubu osalikhudza. Foni muyiike patali, ndipo mphunzitsi wa sayansi kapena mmisiri wa zamagetsi akhale pambali panu poyesa.